Fodya ku Germany, Austria ndi Switzerland: mafunso ndi mayankho pa kuchepetsa chiopsezo popanda kusala osuta

Mayiko olankhula Chijeremani amatchuka ndi zipatala zabwino komanso kutsata malamulo, koma pa nkhani ya fodya akhala kumchira kwa zaka zambiri poyerekeza ndi anzawo a ku Ulaya. Kwa nthawi yayitali anali ofewa kwa makampani opanga ndudu, ndipo pamene anthu anayamba kuipidwa ndi utsi, mkwiyo wambiri unagwera wosuta payekha.

Kodi vuto la fodya ndi lalikulu bwanji m'mayiko amenewa?

Ndi lalikulu ndithu. Bungwe lofufuza za khansa la DKFZ, lomwe lili ku Heidelberg, linanena m'lipoti lake la 2020 kuti ku Germany anthu pafupifupi 127,000 amafa chaka chilichonse ndi matenda obwera chifukwa cha kusuta. Ku Switzerland, dziko la anthu pafupifupi 9 miliyoni, boma limawerengera imfa 9,500 pa chaka. Kafukufuku wa DEBRA, amene amachitikira pa yunivesite ya Düsseldorf kuyambira 2016, wakhala akupeza kuti mwa anthu khumi alionse ku Germany, pafupifupi atatu amasuta. Ku Sweden ndi ku Britain osuta ndi ochepa kwambiri kuyerekeza ndi pamenepa.

Pali mndandanda wotchedwa Tobacco Control Scale umene umayika mayiko a ku Ulaya pa sikelo potengera mphamvu ya malamulo awo a fodya. Austria inakhala kumapeto kwenikweni kangapo konse, mu 2019 malowo anatenga Germany, ndipo mu 2021 Switzerland inali ya nambala 36 pa mayiko 37.

Mayiko olemera chonchi anachedwa bwanji kuchitapo kanthu?

Choyamba ndi ndalama. Germany ili ndi makampani akale a fodya monga Reemtsma ya ku Hamburg, ndipo boma limatolera msonkho wa fodya woposa ma euro 14 biliyoni pa chaka. Bungwe la European Union litakhazikitsa lamulo loletsa kutsatsa fodya mu 1998, ndi boma la Germany limene linakamang'ala ku khoti, n'kupambana mu 2000. Zikwangwani zotsatsa ndudu m'misewu zinaletsedwa pa 1 Januwale 2022, pamene mayiko ena onse a m'bungweli anali atazichotsa kale. Makina ogulitsa ndudu akadalipo m'makoma a nyumba ndi m'mbali mwa misewu, kungoti kuyambira 2007 amafuna khadi lotsimikizira zaka za wogula.

Ku Switzerland nkhaniyi ndi yoonekeratu. Philip Morris International imayendetsa ntchito zake kuchokera ku Lausanne ndipo ili ndi malo aakulu ofufuzira ku Neuchâtel, pamene likulu la Japan Tobacco International lili ku Geneva. Dzikoli linasayina pangano la WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi, lolimbana ndi fodya mu 2004, koma nyumba ya malamulo sinalivomereze, ngakhale likulu la WHO lili ku Geneva komweko.

Chachiwiri ndi kayendetsedwe ka boma. Germany ili ndi zigawo 16 zokhala ndi maboma awoawo, Switzerland ili ndi zigawo 26 zotchedwa makantoni, ndipo nkhani ya kusuta m'malo odyera imagamulidwa kwambiri kumeneko. Zotsatira zake, chimene chili choletsedwa ku Munich chimatha kuloledwa ku Berlin.

Ndamva kuti ulamuliro wa Nazi, wa Adolf Hitler ku Germany, unkadana ndi fodya. Kodi zimenezi zili ndi gawo?

Zili nalo, ngakhale ena amalikulitsa dala. Madokotala a ku Germany anali m'gulu la oyamba kuona kuti kusuta kumayambitsa khansa ya m'mapapo. Fritz Lickint wa ku Dresden, yemwe sanali wa chipani cha Nazi, analemba zambiri pa zimenezi kuphatikizapo kuopsa kopuma utsi wa munthu wina. Franz Hermann Müller anafalitsa kafukufuku wake mu 1939. Mu 1941 ku yunivesite ya Jena kunatsegulidwa malo ofufuzira kuopsa kwa fodya, ndipo ndalama zina zinachokera ku ofesi ya Hitler. Boma linaletsa kusuta m'matiramu (sitima zoyenda m'misewu ya m'mizinda) ndi malo ena, n'kumafalitsa mawu oti mkazi wa Chijeremani sasuta.

Koma cholinga chawo sichinali kumvera chisoni wodwala. Ankati thupi la munthu ndi katundu wa mtundu, liyenera kukhala lamphamvu kuti libereke ana ndi kumenya nkhondo. Nkhondo itatha mu 1945, ndudu za Amereka zinasanduka ngati ndalama pa msika wachinyengo mpaka ndalama yatsopano itabwera mu 1948, ndipo kusuta kunayamba kuoneka ngati chizindikiro cha ufulu. Mpaka lero, wina akafuna kukhwimitsa malamulo a fodya, pamapezeka womunena kuti akubweza ulamuliro wankhanza. Kunenaku n'kosalungama, pakuti khansa siyang'ana chipani. Komabe mbiriyi ili ndi phunziro limene olimbana ndi fodya sayenera kulitaya, loti boma likayamba kuona osuta ngati anthu odetsedwa, lasochera.

Nanga Helmut Schmidt uja, si ankasuta mpaka kukalamba?

Funsoli limamveka kawirikawiri ku Germany. Schmidt, yemwe anatsogolera boma la West Germany kuyambira 1974 mpaka 1982, ankayatsa ndudu ngakhale pa wailesi ya kanema, malamulo oletsa atabwera kale, ndipo anamwalira mu 2015 ali ndi zaka 96. Inde alipo anthu otero. Amene sitiwaona pa kanema ndi anzawo amene anapita ali ndi zaka 58. WHO imati fodya amapha mpaka theka la amene amasuta osaleka, ndipo wosuta moyo wake wonse amataya zaka pafupifupi 10.

Lero munthu amaloledwa kusuta pati?

Ku Germany, kuyambira Seputembala 2007 n'koletsedwa kusuta m'maofesi a boma lalikulu, m'sitima, m'mabasi ndi m'masiteshoni, kupatula m'malo opatulidwira osuta, ndipo chaka chomwecho zaka zogulira fodya zinakwezedwa kuchoka pa 16 kufika pa 18. Amene anakwerapo sitima kumeneko amadziwa kabwalo kojambulidwa ndi utoto wachikasu pansi papulatifomu, kali ndi chotayiramo zotsalira za ndudu pakati. Osuta amaunjikana m'kati mwa mzerewo m'nyengo yachisanu, mapewa atakwinyika, pamene utsi wawo ukudutsa mzere kupita kwa aliyense.

M'malo odyera ndi omwera mowa zimadalira chigawo. Mu Julayi 2008 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mokomera eni timabala ting'onoting'ono ta chipinda chimodzi, ndipo zigawo zambiri zinatsegula mpata woti malo osakwana masikweya mita 75 azilola kusuta. Anthu a m'chigawo cha Bavaria, komwe kuli Munich, anakana zimenezo. Pa referendamu ya 4 Julayi 2010, mavoti 61 pa 100 alionse anavomereza kuletseratu, kuphatikizapo m'matenti akuluakulu a chikondwerero cha mowa cha Oktoberfest. Saarland ndi North Rhine-Westphalia nazonso zinaletseratu, yachiwiriyi kuyambira Meyi 2013.

Ku Switzerland lamulo la dziko lonse linayamba kugwira ntchito pa 1 Meyi 2010, koma limalola zipinda zapadera zosutira ndi timalo tosapitirira masikweya mita 80, pokhapokha kantoni itakhwimitsa payokha. Mu Febuluwale 2022 anthu anavota kuti kutsatsa fodya kumene kumafikira ana kuletsedwe, ndipo kuyambira Okutobala 2024 dziko lonse lili ndi malire amodzi a zaka 18. Zisanafike pamenepo, makantoni ena ankagulitsa kwa achinyamata a zaka 16.

Ku Austria kunachitika zotani kuti lamulo lichite kubwerera m'mbuyo?

Nkhani ya Austria ndi yokokanakokana. Mu Januwale 2015 mtolankhani wodziwika, Kurt Kuch, anamwalira ndi khansa ya m'mapapo ali ndi zaka 42. Asanamwalire sanabise matenda ake kapena kusuta kwake. Analankhula poyera, n'kuthandizira kampeni yotchedwa Don't Smoke. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo inavomereza kuti pofika Meyi 2018 kusuta m'malo odyera ndi omwera kuthe.

Tsikulo lisanakwane, boma latsopano la zipani za ÖVP ndi FPÖ linafafaniza lamulolo. Mtsogoleri wa FPÖ, Heinz-Christian Strache, yemwenso anali wosuta, ndiye anakakamira kwambiri. Bungwe la madokotala la ku Vienna ndi bungwe lothandiza odwala khansa anayambitsa pempho la nzika, ndipo anthu oposa 880,000 anasayina, m'dziko la anthu osakwana 9 miliyoni pa nthawiyo. Boma silinatekeseke. Chimene chinasintha zinthu ndi mpungwepungwe wa ndale wa Meyi 2019, pamene kanema wojambulidwa mobisa pachilumba cha Ibiza ku Spain anagwetsa Strache pamodzi ndi boma lonse. Aphungu anavotanso, ndipo chiletso chinayamba pa 1 Novembala 2019.

Chochititsa chidwi n'choti munthu amene dzina lake linayenda patsogolo pa nkhondoyi anali wosuta, ndipo anthu sanamuloze chala. Anamumvera.

Kuchepetsa chiopsezo kumatanthauza chiyani? Si kungolekerera osuta?

Ayi. Maganizo ake ndi oti kusiya kotheratu ndiye kwabwino koposa, koma munthu amene walephera kusiya lero asamangouzidwa kuti abwere akadzakonzeka. Apatsidwe njira yochepetsera kuvulala pamene akulimbana nazo.

Chodabwitsa n'choti mayiko omwewa ndi amene anatsogolera dziko lapansi pa maganizo amenewa pa nkhani ya mankhwala osokoneza bongo. Ku Bern, likulu la Switzerland, kunatsegulidwa chipinda choyamba chovomerezeka chobayira mankhwala moyang'aniridwa mu 1986. Mzinda wa Zurich utatopa ndi imfa ndi HIV pa paki ya Platzspitz, yomwe inatsekedwa mu 1992, Switzerland inayamba mu 1994 kupereka mankhwala osokoneza bongo a heroin kuchipatala kwa anthu amene njira zina zonse zinawakanika. Mzinda wa Frankfurt ku Germany unatsegula zipinda zobayira mankhwala moyang'aniridwa chaka chomwecho. Imfa zinatsika. Koma pa fodya akatswiri ambiri a kumeneko amazengereza, ndipo ali ndi chifukwa chomveka. Majekeseni oyera amagawidwa ndi anamwino, pamene zinthu zolowa m'malo mwa ndudu zimagulitsidwa ndi makampani ofuna phindu, ena mwa iwo omwe aja ananamiza anthu ndi ndudu zotchedwa "light".

Kodi chikonga ndicho chimayambitsa khansa?

Chikonga, chimene madokotala amachitcha nikotini, ndicho chimakola munthu n'kumupatsa chibaba. Koma matenda ambiri amachokera ku kuwotcha. Fodya akapsa amatulutsa phula, mpweya wa carbon monoxide ndi zinthu zina masauzande, mwa izo pafupifupi 70 zodziwika kuti zimayambitsa khansa. N'chifukwa chake chingamu cha chikonga ndi zomata pakhungu zimagulitsidwa m'mafamase popanda kalata ya dokotala.

Izi sizikutanthauza kuti chikonga ndi chakudya. Chimathamangitsa mtima, si chabwino kwa mwana ali m'mimba kapena kwa wachinyamata amene ubongo wake ukukula, ndipo madzi a chikonga angathe kupha mwana wamng'ono akawamwa. Koma anthu ambiri osuta amaganiza kuti chomata pakhungu n'choopsa mofanana ndi ndudu, choncho amakana mankhwala amene akanawathandiza n'kupitiriza kuyatsa.

Ndudu zamagetsi zimathandizadi kusiya kusuta?

Ndudu yamagetsi ndi kachipangizo kotenthetsa madzi a chikonga kuti atulutse nthunzi, popanda fodya woyaka. Apa ndi pamene akatswiri agawanika, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo.

Umboni wamphamvu wa m'derali unachokera ku Switzerland. Kafukufuku wotchedwa ESTxENDS, wotsogozedwa ndi Reto Auer wa pa yunivesite ya Bern, anatenga osuta 1,246 ofuna kusiya. Onse analandira uphungu, koma theka linapatsidwanso ndudu zamagetsi zaulere. Zotsatira zinatuluka mu Febuluwale 2024. Patatha miyezi 6, anthu pafupifupi 29 pa 100 alionse a gulu la ndudu zamagetsi anali atasiya kusuta fodya, poyerekeza ndi 16 a gulu linalo. Koma panali mbali ina. Ambiri mwa amene anasiya mothandizidwa ndi kachipangizoka anapitiriza kukagwiritsa ntchito, moti amene anamasuka ku chikonga chenichenicho anali ochuluka m'gulu la uphungu wokha. Anathawa utsi, chibaba n'kutsala.

Ku Germany, malangizo akuluakulu a madokotala a 2021 amati ndudu zamagetsi zisaperekedwe ngati njira yosiyira kusuta. DKFZ ndi madokotala a mapapo amaopa zinthu zitatu: zotsatira zake pakadzatha zaka 30, anthu amene amagwiritsa ntchito zonse ziwiri nthawi imodzi, ndi ana asukulu amene akukopeka ndi tizipangizo totayidwa tonunkhira zipatso. Kumbali ina kuli akatswiri monga Heino Stöver wa ku Frankfurt, amene wagwira ntchito zaka zambiri ndi anthu okodwa m'mankhwala osokoneza bongo. Iwo amati kubisira wosuta wa zaka 50 kuti pali chinthu choopsa pang'ono kuposa ndudu yake n'kumulakwira. Bungwe la boma loyeza chiopsezo la BfR limati nthunzi ya ndudu zamagetsi ili ndi zoipa zochepa kuposa utsi wa fodya, koma si yopanda vuto.

Kuona kwathu n'koti mbali ziwirizi zikukamba za anthu osiyana. Kwa mwana wa zaka 15 amene sanasutepo, ndudu yamagetsi ndi khomo lolowera ku chibaba ndipo palibe chimene akupindula. Kwa bambo amene wasuta paketi tsiku lililonse kwa zaka 30, wayesa zomata ndi mapiritsi n'kulephera, kusamukiratu ku ndudu yamagetsi n'kwabwino kuposa kupitiriza kuyatsa. Vuto ndi la amene amakoka nthunzi kuntchito, madzulo n'kuyatsa ndudu kunyumba, chifukwa amapindula zochepa kwambiri.

Malamulo a European Union amaletsa madzi okhala ndi chikonga choposa mamiligalamu 20 pa mililita imodzi. Germany inayamba kudula msonkho pa madziwa mu Julayi 2022, kuyambira masenti 16 a euro pa mililita, n'kukonza zoti ukwere pang'onopang'ono kufika masenti 32 mu 2026.

Nanga fodya wotenthetsa, snus, timapaketi ta m'kamwa ndi shisha?

Fodya wotenthetsa monga IQOS ndi fodya weniweni amene amatenthetsedwa osayaka moto. BfR itayeza inapeza kuti zina mwa zoipa zimachepa kwambiri, koma kafukufuku wambiri wa chipangizochi analipiridwa ndi opanga ake, ndiye m'pofunika kusamala pomumvera.

Snus ndi fodya wonyowa woyika pansi pa mlomo wam'mwamba. Kugulitsa kwake n'koletsedwa m'mayiko a European Union kupatula Sweden, komwe amuna amafa ndi khansa ya m'mapapo mochepa kuposa m'mayiko ena onse a bungweli. Switzerland si membala, ndipo khoti lake lalikulu linalola kugulitsa snus mu 2019. Timapaketi toyera ta chikonga topanda fodya timapezeka m'masitolo a ku Austria ndi Switzerland, pamene ku Germany akuluakulu amatiwerenga ngati chakudya chosavomerezeka, moti anthu amaitanitsa pa intaneti popanda woyang'anira kuchuluka kwa chikonga chake.

Shisha yokha, kaliwo amene utsi wake umadutsa m'madzi, musanamizidwe nayo. Madzi amaziziritsa utsi koma sausefa, ndipo makala ake amatulutsa carbon monoxide wochuluka. Ku Germany anthu akhala akuthamangitsiridwa kuchipatala atakomoka m'mabala a shisha opanda mpweya wokwanira.

Ndikangochepetsa, kuchoka pa ndudu 20 kufika pa 5, sizikwanira?

Ngati ndi sitepe yopita kosiya, n'zabwino. Ngati ndi pomwe mwaima, phindu lake ndi lochepa kuposa mmene mukuganizira, makamaka pa mtima. Kafukufuku wa mu 2018 amene anaphatikiza zofufuza zambiri anapeza kuti ndudu imodzi yokha pa tsiku imabweretsa pafupifupi theka la chiopsezo choonjezera cha matenda a mtima chimene amakhala nacho wosuta 20. Komanso wochepetsa amakonda kukoka mwamphamvu kuti apeze chikonga chomwe chija.

Koma kuchititsa manyazi osuta si kumene kwachepetsa kusuta? N'kulekeranji?

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokonezedwa. China ndi kuchotsa ulemerero pa ndudu: kukweza mtengo, kuletsa kutsatsa, kuyeretsa mpweya m'malo antchito, kuyika zithunzi zochenjeza pa paketi monga zakhalira ku Germany kuyambira Meyi 2016. Zimenezi zimagwira ntchito ndipo ziyenera kupitirira. China ndi kuchotsa ulemu pa munthu, kumuona ngati wopusa, wonunkha, wofooka mtima. Ichi chimavulaza.

Taganizirani mayi amene wangouzidwa kuti ali ndi khansa ya m'mapapo. Akauza mnzake, funso loyamba limakhala lakuti, "Kodi munkasuta?" Wodwala khansa ya m'mawere safunsidwa funso lofufuza mlandu chotero. Akayankha kuti inde, chisoni chimachepa pankhope ya wofunsayo. Akayankha kuti ayi, ndipo alipo ndithu odwala khansayi amene sanagwirepo ndudu, amakhala ngati wapambana mlandu umene sanayenera kuzengedwa. Munthu amene akudziwa kuti zidzamuthera chonchi amabisa chifuwa chake miyezi ingapo, ndipo khansa ya m'mapapo ikapezeka mochedwa imavuta kuchiza. Mayi woyembekezera amauza mzamba kuti anasiya kale. Wina amauza dokotala kuti amasuta zisanu pamene amamaliza paketi. Amene anaona zaka zoyambirira za Edzi kwathu kuno akudziwa mmene kuopa kulozedwa chala kunalepheretsera anthu kukayezetsa magazi.

Ku Germany nkhaniyi yafika pofunika kwambiri tsopano. Mu 2024 boma linalola kuti anthu a zaka 50 mpaka 75 amene asuta kwambiri kwa nthawi yayitali azijambulidwa mapapo ndi makina a CT kuti khansa ipezeke msanga. Woyenera kujambulidwa amadziwika powerengera zaka zimene wasuta ndi kuchuluka kwa ndudu. Wochita manyazi akachepetsa chiwerengero pamaso pa dokotala, amadzichotsa yekha pa mndandanda.

Tisaiwalenso kuti osuta ambiri anayamba ali achinyamata, nthawi imene zikwangwani zinali m'misewu yonse ndipo makina ankagulitsa ndudu kwa aliyense woponya ndalama. Kuwauza lero kuti munasankha nokha n'kuiwala amene anawatchera msampha.

Amene akusutabe ndi ndani makamaka?

Kale kusuta kunali kwa aliyense, dokotala ndi mmisiri womwe. Ophunzira kwambiri ndi olandira bwino ndi amene anayamba kusiya. Lero osuta achuluka pakati pa anthu opeza zochepa, osowa ntchito, ogwira ntchito zolemetsa ndi zausiku, odwala matenda a maganizo, okodwa ndi mowa, ndi akaidi. Choncho kunyoza osuta kumagwera anthu amene akusenza kale zambiri, ndipo onyozawo nthawi zambiri ndi amene moyo ukuwayendera.

Ku Austria kuli kena kowonjezera. Fodya amagulitsidwa m'timasitolo totchedwa Trafik, ndipo kuyambira kale boma limapereka ziphaso zake choyamba kwa anthu olumala. Ndiye kukambirana za kuchepetsa malonda a fodya kumakhudzanso chakudya cha mabanja amenewa.

Kodi inshuwalansi ya zaumoyo imalipira mankhwala osiyira kusuta?

Kwa zaka zambiri ku Germany yankho linali ayi, ndipo chifukwa chake chikuonetsa mmene boma linkaonera osuta. Lamulo linayika mankhwala osiyira fodya m'gulu limodzi ndi omeretsa tsitsi, ochepetsa thupi ndi opatsa mphamvu za kuchipinda, kuti ndi zongokometsera moyo. Inshuwalansi inkalipira opaleshoni ya mapapo, koma osati zomata pakhungu zimene zikanaletsa opaleshoniyo.

Lamulo la 2021 linatsegula khomo, ndipo kuyambira 2025 anthu okodwa kwambiri angalembedwe mankhwala a chikonga kapena mapiritsi a varenicline molipiridwa ndi inshuwalansi, malinga ngati alowa nawo pulogalamu yovomerezeka yosiyira kusuta. Khomoli likadali lopapatiza, koma ndi chiyambi. Kupatula apo, mabungwe a inshuwalansi amabweza gawo la ndalama za maphunziro a m'magulu, ndipo dokotala angathe kulembera munthu pulogalamu ya pafoni monga NichtraucherHelden ngati mmene amalembera mankhwala.

Mwininyumba angandithamangitse chifukwa chosuta m'nyumba ya lendi?

Ku Germany kusuta m'nyumba imene ukuchita lendi kumaloledwa, pokhapokha ngati munagwirizana zina polemba pangano. Mkulu wina wa ku Düsseldorf anazengedwa mlandu zaka zingapo, mwininyumba akuti fungo la fodya wake linkadzaza m'makwerero. Mlanduwo unafika ku khoti lalikulu, ndipo mu 2016 anapambana n'kukhalabe m'nyumbamo. Koma mu 2015 khoti lalikulu lomwelo linagamulanso, pa mlandu wina, kuti utsi wa pakhonde ukamasautsa kwambiri woyandikana naye, pangathe kuikidwa maola osutira ndi maola osasutira.

Zonsezi zikukhudza bwanji Malawi?

Fodya wa bale amene amadutsa ku okushoni ya Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu amakathera m'ndudu zogulitsidwa ku Ulaya, kuphatikizapo Germany, ndipo JTI ya ku Geneva ndi imodzi mwa makampani ogula fodya ku Malawi. Choncho chikonga chimene chikuvutitsa wosuta wa ku Hamburg chimayamba chadutsa pakhungu la wothyola masamba onyowa ku Kasungu, amene amamva chizungulire ndi nseru madzulo ake. Gulu la Unfairtobacco la ku Berlin lakhala likukumbutsa Ajeremani za mateneti ndi ana ogwira ntchito m'minda ya fodya. Malawi inalowa m'pangano la WHO lolimbana ndi fodya mu 2023, kutsogola Switzerland.

Palinso nkhani imene bungwe la Public Eye linaulula mu 2019, yoti ndudu zopangidwa ku Switzerland n'kutumizidwa ku Morocco zinali ndi phula ndi chikonga chochuluka kuposa zogulitsidwa kwa anthu a ku Switzerland komweko. Lamulo la ku Switzerland limalola kupanga ndudu zamphamvu choncho ngati zikupita kunja. Kampani ikamalankhula za kuchepetsa chiopsezo ku Zurich, ndi bwino kuifunsanso zimene ikugulitsa ku Africa.

Ndili ku Germany, Austria kapena Switzerland ndipo ndikufuna kusiya. Ndiyambire pati?

Tembenuzani paketi yanu, nambala ya uphungu yalembedwa pomwepo. Ku Germany ndi 0800 8 31 31 31, ku Austria ndi Rauchfrei Telefon pa 0800 810 013, ndipo zonsezi n'zaulere. Ku Switzerland nakonso kuli nambala ya uphungu wosiyira kusuta. Kenako pitani kwa dokotala wanu wa nthawi zonse mukanene chiwerengero chenicheni cha ndudu ndi nthawi imene mumayatsa yoyamba mukadzuka, chifukwa ndi zimenezi amayezera kukula kwa chibaba.

Njira imene imapambana kwambiri ndi kuphatikiza uphungu ndi mankhwala. Ambiri amamata chomata pakhungu cha tsiku lonse, n'kusunga chingamu kapena chopopera m'kamwa cha pamene chibaba chabwera mwadzidzidzi. Pali mapiritsi a varenicline, bupropion ndi cytisine, omalizawa akhala akugwiritsidwa ntchito kum'mawa kwa Ulaya kwa zaka zambiri, ndipo onsewa amafuna kukambirana ndi dokotala. Kusiya musanakwanitse zaka 40 kumachotsa pafupifupi 90 pa 100 ya chiopsezo choonjezera cha kufa ndi fodya, koma ngakhale wa zaka 60 amawonjezera zaka za moyo wake. Ambiri amene anasiya anayesa kangapo, ndiye mukayambiranso bwererani kwa dokotala mukasinthe njira.

Ngati mwasankha ndudu yamagetsi, gulani m'sitolo yovomerezeka, siyiranitu ndudu zoyaka, ndipo mabotolo a madzi ake muziika pomwe ana sangafike. Chifuwa chosatha kwa milungu ingapo, magazi m'makhololo, kupuma movutikira kapena kuwonda kosadziwika bwino, zimenezo musadikire tsiku losiyira. Kaonaneni ndi dokotala sabata yomweyo.